Mbale za Tiyamike ndi Galimoto Yovula Denga

Lolemba

Tsoka silinunkha. Bwana alengeza pa kadzutsa kuti sabata ino akudzutsa galimoto yawo yofiira, ija yovula denga. Yakhala ikugona m'garaja, yofundidwa lona, chiyambire Novembala. Akuti nyengo yozizira yatha.

Kuzizira kwake kuti? Kuno ku Al Twar aneba onse amatulutsa magalimoto otere nthawi yozizirayo, n'kuwabisa dzuwa likayamba kuwotcha. Abwana anga okha ndiwo amachita chambuyo. Kwawo kumagwa chipale chofewa, bambo awo ankatero, ndiye nawonso amatero. Munthu anabwera ku Dubai ndi kalendala ya kwawo m'sutikesi!

Vuto langa ndi ili. M'buti ya galimotoyo muli katundu wa ukwati wa Tiyamike, mwana wanga woyamba:
- mbale zadothi za maluwa agolide, seti yonse
- makapu ake ndi tipoti
- bulangete lolemera lojambulidwa kambuku
- nsalu za apongozi

Kachipinda kanga kamangokwana bedi ndi ine. Madamu analetsa makatoni m'nyumba chifukwa cha mphemvu. Galimoto inangokhala, buti ili pululu. Ndinaona ngati ndikuipatsa ntchito.

Lamulo la pano n'lakuti galimotoyi sikhudzidwa ndi munthu. Mtsikana amene ndinamulowa m'malo anangoikapo beseni la zovala, ndipo nkhani yake imakambidwabe mpaka lero.

Kontena yopita ku Malawi itsekedwa Loweruka masana ku Karama. Ikandisiya, yotsatira idzafika ukwati utavinidwa kale. Ine ku ukwatiko sindipita, tchuthi changa ndi cha chaka chamawa. Mbalezi ndi zimene zikandiimire.

Pulani: mawa bwana akapita kuntchito, nditenge kiyi pa msomali wa kukhitchini, nditsegule, nditulutse. Khalas, monga amanenera Aluya kuno: nkhani yatha.

Lachiwiri

Kiyi ndatenga. Kudina, zii. Kudinanso, zii. Kudina ndi zala zonse ziwiri, ziii.

Batire ya galimoto yafa, ndipo buti imeneyi ilibe bowo la kiyi. Anaipanga ndani galimoto yopanda bowo? Mwina chapha batire ndi kanyale ka m'buti kaja, poti ndimakonda kukazisuzumira mbalezi ndikamusowa mwana wanga. Mwina si kameneko. Sindine makaniko.

Madzulo bwana afika ndi ndandanda yawo, aimata pa firiji:
1. kuchotsa lona ndi kutsuka
2. kupopa matayala
3. batire
4. oyilo
5. denga (Loweruka, pamaso pa anzawo)

Lona achotsa okha. Kutsuka atsuka okha, ndi kansalu kofewa kuposa thaulo la mwana. Ine ntchito yanga n'kugwira payipi chapatali. Amvekere, "Wagona bwino, mtsikana wanga?" Akulankhula ndi galimoto. Ine sanandifunsepo.

Amake Misozi, mnzanga wa ku Chipata amene anandipezera malo mu kontena, atumiza uthenga: "Imwe amake Tiya, muzaleta liti vinthu? Uja wa kago salindila munthu. Yalla, fulumilani!"

Ndayankha kuti mawa.

Lachitatu

Matayala apopedwa. Bwana agwada pa tayala lililonse ngati akupempha chikhululukiro.

Kenako kwabwera bambo wina pa njinga yamoto ndi batire yatsopano. Galimoto yatsokomola kawiri, yabangula. Utsi garaja yonse! Bwana akuwomba m'manja. Ine mtima wanga ukuwombanso, chifukwa tsopano buti itseguka.

Ndikudikira kuti kiyi ibwerere pa msomali. Msomali uli wokha mpaka pano.

"Kuyambira lero kiyi izigona ndi ine," atero bwana, n'kuiponya m'thumba la thalauza.

Zimene ndili nazo tsopano: batire yamoyo. Zimene ndilibe: kiyi. Dzulo zinali chambuyo. Ndikadakhala ndi zonse ziwiri kwa kanthawi kowiritsa dzira, bwenzi nkhani yatha.

Lachinayi

Lero ndi la oyilo. Ndimaganiza kuti oyilo amathira pompano. Ayi ndithu, galimoto ikupita ku garaja ya m'tauni.

Ndaima pa geti ndi tsache, kuonerera mbale zanga zikutuluka. Msewu wathu uli ndi mahampu, ndipo bwana saona hampu akakhala m'galimoto imeneyi. Ndinazikulunga m'bulangete, ndi nsalu pakati pake. Ambuye, gwirani tipoti.

Masana Tiyamike watumiza mawu. Akuti anawaonetsa apongozi ake chithunzi cha mbale, ndipo apongoziwo anaitana azichemwali awo kuti adzaone. "Amayi, akuti ngakhale mulibe, anthu adzadziwa kuti ndili ndi mayi." Ndamvetsera katatu kuchimbudzi. Ndalira pang'ono, kenako ndakapukuta magalasi.

Ndaganiza zongonena. Ndawapeza madamu akusankha zovala.

"Madamu, za galimoto ija..."

"Chonde usaiyandikire. Sabata ino mwamuna wanga si munthu."

Ndanena kuti chabwino, n'kufunsa za chakudya chamadzulo.

Galimoto yabwera dzuwa likulowa. Ndadutsa pafupi ndi buti ngati ndikutaya zinyalala, kutchera khutu. Bata. Mbale zanga zayenda Dubai kuposa ine mwini wake.

Lachisanu

Ndachapa mathalauza onse a bwana, ngakhale oyera. M'matumba mwapezeka:
- chingamu
- batani
- kapepala koimikira galimoto
- mchenga

Kiyi anapita nayo kuntchito. Galimoto aisiya, kiyi atenga. Nzeru zake n'zotani?

Popukuta fumbi ndapeza kiyi yachiwiri m'dirowa ya marimoti akufa. Aleluya! Ndathamangira ku garaja. Kudina, zii. Nayonso kabatire kake kanafa. Nyumba ino zonse zimafa pamodzi.

Ndachotsa kabatire ka m'sikelo ya kukhitchini. Sikakulowa, n'kokulirapo pang'ono. Ndakabwezera, koma sikelo tsopano ikuonetsa zilembo zokhazokha. Madamu akufunsa kuti yatani. Ndati mwina ndi kutentha.

Amake Misozi: "Nakamba naye, azakusungilani kona mpaka masana. Mukachedwa ni vanu."

Pulani yatsopano: mawa m'mamawa bwana akamasamba, nditenge kiyi, ndithamange. Amasamba nthawi yaitali, amaimbanso.

Funso limodzi landibwerera ndikusita. Ine ndinayamba ntchito pano galimotoyi itatsala pang'ono kugonekedwa, sindinaione itavula. Denga likavulidwa, limapita kuti?

Loweruka

Bwana alowa nayo kiyi kubafa.

Anzawo awiri afika ndi khofi m'manja. Aima kutsogolo kwa galimoto, mafoni m'mwamba. Madamu ali pakhonde. Ine ndili kumbuyo, ndikuthirira maluwa amene ndinawathirira kale.

Bwana akhala pa chiwongolero, adina batani.

Buti yatseguka yokha! Chambuyo, ngati pakamwa pa ng'ona. Ndikuona khutu la kambuku wa pa bulangete. Sabata yonse ndakhala ndikuipempha, lero yatseguka popanda wopempha. Ndataya payipi.

Denga lanyamuka. Lapindika. Likubwera chakuno.

Yankho la funso langa: limapita m'buti.

Ndakuwa kuti, "Imani! Imani bambo inu!" Chingerezi chonse chathawa. Bwana akundibayibitsa, akuganiza kuti ndikusangalala nawo.

Phwaa! Kenako khoo, khoo, pang'onopang'ono, chifukwa makina a galimoto imeneyi ndi amphamvu ndipo sabwerera okha akakumana ndi chinthu.

Bwana atuluka nkhope ili mbuu. Abweza denga, athamangira kumbuyo. Ayamba agwira zitsulo, mahinji, mawaya. Akoka bulangete. Ayang'ana. Kenako aseka mpaka kugwira mawondo.

"Zikomo Mulungu, si makina! Ndi mbale chabe!"

Mbale chabe.

Madamu atsika pakhonde, atola chidutswa cha maluwa agolide. "N'za ndani?"

"Za mwana wanga. Akukwatiwa."

Bwana asiya kuseka. Anzawo atsitsa mafoni. Madamu andifunsa chifukwa chake sindinanene, kenako akumbuka Lachinayi, ndipo sanafunsenso. Ntchito sanandichotse. Andiitanira takisi.

Zimene zapulumuka:
- bulangete
- nsalu za apongozi
- chivundikiro cha tipoti

Ndafika ku Karama akutseka chitseko chimodzi cha kontena. Amake Misozi ayang'ana kathumba kanga. "Ni ivi chabe?" Ndagwedeza mutu. Andigulira tiyi.

Lamulungu

Bwana akuti andiperekeze kutchalitchi. Ndi kupepesa kwawo kumeneko, ndipo sindikukana.

Denga lavuka bwinobwino, mwakachetechete. Ndakhala kutsogolo, duku ndaligwira ndi manja awiri. Dzuwa likuwotcha pamutu, mpando ukuwotcha pansi. Aneba awiri akufunditsa magalimoto awo malona, akutiyang'ana. Bwana akutuluka thukuta, akumwetulira. Akuti palibe nyengo yabwino ngati ino.

Pa hampu iliyonse kumbuyo kukumveka ngwe-ngwe-ngwe. Ndi tizidutswa timene tsache langa silinatifikire. Poyamba bwana atchera khutu, akuti pali kaphokoso kachilendo. Kenako azindikira, akweza wailesi.

Tisanalowe m'tchalitchi Tiyamike walemba: "Amayi, zanyamuka?"

Ndayankha kuti bulangete ndi nsalu zanyamuka.

"Nanga mbale?"

Ndati ndimuimbira tikatuluka.

Tinatuluka kalekale. Ndakhala pabedi, foni ili apa. Chivundikiro cha tipoti chili m'manja mwanga, ndachitembenuza uku ndi uku. Chilibe ngakhale mng'alu umodzi.