Mukula wa Minisita

Pulani inabadwila pa chibuku, kuseli kwa msika wa Lundazi. Jones, amene ankamutcha Minisita chifukwa sankavula tayi ngakhale pokama ng'ombe, anauza Ezron Sipana ndi Kondwani wa ku Kasungu kuti kudula mukula n'kwa zitsilu: mtengowo boma linauteteza, ndipo chipika sichibisika. Wochenjela amaba mbande. Ku Magodi kunali mayi wina amene a zankhalango anamupatsa chilolezo chofesa mitengoyo, ndipo pa Sondo mudzi wonse umakhala ku chalichi.

"Kamtengo ka m'chubu, madala. Kamalowa ngakhale m'jekete," anatelo Minisita.

Pa Sondo analowa m'nazale ya mayiyo ngati eni ake. Apo m'pamene anazindikila kuti mwa atatuwo panalibe amene anauonapo mukula uli ndi masamba. Minisita ananunkhiza uku, nalawa tsamba uko, kenaka analamula kuti anyamule mzele wobiliwila kwambili, poti chinthu chodula chimaonekela pankhope.

Pobwelela, njinga ya Sipana inaphulika tayala. Onse atatu anadzela chidule cha m'dambo nakagwela m'chitedze. Anatulukila kumsewu malaya ali m'manja, akudzikanda ngati anyani, Minisita atatsala ndi tayi yokha pachifuwa.

Anaimitsa kavani koyamba. Mayi wovala yunifolomu ya chalichi anatsitsa galasi nawapatsa moni wa "Muli uli, adada?" Minisita, pofuna kugulitsilatu, anamunong'oneza kuti katunduyo ndi mukula woletsedwa, wotengedwa lelo lomwe kwa mayi wina wogona tulo ku Magodi. Mayiyo anayang'anitsitsa machubuwo, nawauza mokoma kuti akwele, akudziwa wogula wabwino ku boma. Anakwela akuthokoza. Mayiyo anakawatsitsa pakhomo la polisi.

"Ndine Loyce Zimba, nazale ndi yanga," anatelo kwa wapolisi. "Koma awa ndi magwafa. Mukula wanga sanaukhudze n'komwe."

Wapolisi anaseka mpaka misozi. Anati ya magwafa ndi nkhani yaing'ono, akapepesa bwino mwina amayi akhululuka. Sipana ndi Kondwani anagwada pomwepo. Koma Minisita anamva ngati amuvula pagulu. Iyeyo, kuba magwafa? Kumsika akayenda bwanji?

"Bwana, musatinyoze. Ife tinapita kukaba mukula. Lembani mukula."

Kondwani anayamba kulila. Wapolisi anapukuta misozi, nakoka mpando, nalemba monga a Minisita analamulila.