Ndodo Zanga za Gofu Zolembedwa L

Nkhani iyi ndimafuna kupita nayo kumanda. Koma poti alamu anga ayamba kale kuifalitsa mu komboni monse, mothira ndi tsabola yemwe, bola muimve kwa mwini wake. Khalani pansi, chifukwa manyazi ake ndi olemera.

Ine ndine Phiri wa ku Darwendale. Agogo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya kuno. Ine ndinabadwira mu komboni, ndinakula ndikusenza mabelo, ndipo lero ndili ndi malole anga onyamula mabelo omwewo kupita nawo ku okushoni ku Harare. Thupi Mulungu sanandimane. Ndikamakwera kombi, kondakitala amayamba wayang'ana matayala.

Amene anandikokera ku gofu ndi alamu anga a Jafali, amene anakwatira mlongo wanga. Ali ndi butchala pa komboni. Ndi munthu wochepa thupi, wofatsa, wosaphonya mapemphero ku mzikiti, koma pa nkhani yoseka mnzake alibe chisoni ngakhale pang'ono.

"Alamu," anandiuza tsiku lina, "ntchito zikuluzikulu sazipezera pa geti. A Marufu, manijala wa famu yaikulu ija, akusaka wonyamula fodya chaka chino. Loweruka lililonse amakhala ku kalabu. Bwerani muzimenya nawo kampira."

Ndinapitako kangapo, ndikubwereka ndodo zawo. Kenako anakonza zoti pa mpikisano wa Loweruka ndidzakhale gulu limodzi ndi a Marufu. Apo ndinati ayi, munthu wa malole sangakaonekere kwa bwana ndi ndodo zobwereka.

"Pitani ku Harare akakuyezeni," anatero alamu. "Nkhani yagona pa shafuti, thunthu la ndodolo kuchokera pogwirira mpaka kumutu. Iyenera kugwirizana ndi kamenyedwe kanu. Mukamvere zimene akakuuzeni."

Ndinavomera ndi mutu, koma mtima unali kale pa kaonekedwe kanga nditakoleka chikwama chatsopano.

Mu shopu ndinapeza bambo wina woonda wa magalasi. Anandiimika kutsogolo kwa ukonde, nandipatsa ayironi ya nambala seveni, ndodo ya mutu wachitsulo, nati ndimenye. Ndinamenya. Phaa! Kamakina kake koyezera kamenyedwe kanalira. Anandipatsa wudu, ndodo yaitali ya mutu waukulu ija yomenyera kutali mpira uli pa udzu. Ndinamenyanso. Ukonde unagwedezeka mpaka kudenga.

"Maiwe, mudhara!" anatero, momwe amaitanira bambo wamkulu kuno. "Mkono uwu si wamasewera. Inu mukufunika S."

Ndinadziyang'ana pamimba. Ndinamuyang'ana iyeyo.

"Mwati chiyani?"

"S, mudhara. Ma ayironi onse ndi mawudu omwe. S ndiye kuti..."

"Ndikuidziwa S. Kusukulu ndinapitako."

Abale, ine S ndinasiya kuvala ndisanamere ndevu. Shati yanga ya L ndimachita kupuma mosamala kuti mabatani asathawe. Ndiye kamunthu aka kandiyang'ane m'maso n'kunena kuti ndine Small? Pagulu?

Inu amene mumadziwa gofu mwayamba kale kuseka. Dikirani, sindinafike.

Ndinapita pamene anaimika ndodo n'kuyamba kuwerenga zilembo pa mashafuti ndekha. Zina zinali ndi R. Imeneyo ndinaikana pomwepo, chifukwa ife a fodya R timaidziwa: Reject, belo lobwezedwa. Zina zinali ndi X. Ma X ndinalandira okwanira kwa aphunzitsi a masamu. Kenako pakona ndinaona seti yokongola, yowala, zivindikiro zake za mtundu wa maluwa a jakaranda. Pa shafuti: L.

"Izi!"

Wa magalasi uja anakanda m'mutu. "Izo? Ndi za mai a kunyumba?"

"Mai a kunyumba asadziwe n'komwe!" ndinatero motsitsa mawu. Ndimanena za mtengo, chifukwa mkazi wanga anali atandiuza kale kuti firiji yafa.

Munthu uja anamwetulira pang'onopang'ono, n'kunditsinzinira diso.

"Ndamva, mudhara. Ndamva bwinobwino. Pakamwa panga ndakhoma. Nanga woseweretsa ndodozi thupi lake ndi lotani?"

"Ngati langali. Ndendende."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kundevu, n'kuimba kamluzu.

"Aliyense ndi chimene amakonda," anatero, n'kuyamba kukulunga.

Ine ndinatuluka mu shopu ndikuyenda ngati mwini msewu.

Loweruka linafika. Kalabu yathu ndi yakalekale, ya mabowo naini, yomangidwa ndi alimi a kale. Pa malo ogwetsera mpira m'bowo palibe kapinga, pali mchenga wothira oyilo, ndipo ng'ombe za famu yoyandikana nazo zimadziona ngati mamembala. Koma anthu amabwera atatchena, ndipo tsiku limenelo magalimoto anali mbwee.

Alamu ataona chikwama changa anaima. Anasolola ndodo imodzi, naitembenuza, nawerenga chilembo. Ndinaona milomo yawo ikunjenjemera.

"Alamu, izi anakusankhirani ndi wa ku shopu?"

"Iyeyo? Amafuna kundipatsa S! Ine! Ndinamuuza kuti asandizolowere, kusukulu ndinapitako."

"Ehe. Ndiye L imeneyi..."

"Saizi yanga."

Alamu anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, ngati akupempha mphamvu. Kenako anabwezera ndodo m'chikwama mwaulemu kwambiri.

"Mwachita bwino, alamu. Musabise. Anthu adziwe."

A Marufu anafika, munthu wamtali wa imvi, wolankhula Chichewa chathyokathyoka chimene anatolera kwa antchito ake. Tinapatsana moni. Maso awo anagwera pa zivindikiro za jakaranda zija.

"Achimwene, ndodo izi ndi zanu?"

"Zanga, bwana. Zatsopano. L."

"L... Koma mukudziwa kuti..."

Apo alamu anatsokomola kwambiri, ndipo ndinaona phazi lawo litaponda nsapato ya a Marufu. Ndinaganiza kuti ndi ngozi.

"Nanga inu mumaseweretsa chiyani, bwana?" ndinafunsa pofuna kucheza.

"Ine? S."

Ndinawamvera chisoni. Munthu wamkulu, manijala wa famu yonse! Ndinawagwira paphewa.

"Musadandaule, bwana. Muzidya sadza yokwanira, mudzafika," ndinatero, kunena nsima.

Munthu amene ndimafuna kuti andipatse ntchito ameneyo!

Tinayamba. Choyamba chimene ndinaona n'chakuti ndodo zinali zazifupi. Kuti mutu wa wudu ufike pansi ndinachita kuwerama ngati ndikupalira mbewu ku nazale. Ndinadziuza kuti ndiye sitayilo ya masiku ano. Ndinakweza ndodo, ndinatsitsa ndi mphamvu zonse za mabelo. Shafuti inapindika ngati bango, n'kubwerera ngati chikwapu. Mpira unakwera kumwamba, kumwamba, mpaka ndinautaya m'dzuwa. Kenako unakhota kumanzere ngati wakumbukira kuti waiwala china kunyumba, n'kukagwera pakati pa ng'ombe.

Ng'ombe imodzi inadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

"Mphamvu!" anakuwa alamu. "Mwaona L, bwana?"

A Marufu anatembenuka, mapewa akugwedezeka. Ndinati mwina ndi chifuwa.

Bowo lachiwiri, kumanzere, mu damu. Lachitatu, kumanzere, padenga la shedi ya mathirakitala: khooo! Nkhunda zonse balala. Ndinayesa kuloza kumanja kuti mpira ukakhota ubwere pakati. Ulendo umenewo sunakhote, unapita kumanja komweko n'kukasowa m'munda wa chimanga. Ndikamenya mwaukali, ndodo inkapindika kwambiri. Ikapindika kwambiri, ine ndinkakwiya kwambiri. Msana unayamba kulira chifukwa chowerama.

Koma a Marufu ndi S yawo ija, ngakhalenso alamu, mipira yawo inkangoyenda mowongoka ngati mzere wa fodya.

"Mwina yachepa, alamu," anatero a Jafali ndi nkhope ya chisoni. "Mwina mumafunika XL."

"Ndimaganiza zomwezo," ndinayankha, thukuta lili kamukamu. "Anangoti palibe m'sitoko."

Limenelo linali bodza, ndipo a Marufu anakhala pansi pa udzu n'kunena kuti mwendo wawagwira.

Za ntchito ya fodya sindinayerekeze n'komwe kutchula. Munthu amene mipira yake ikulephera kufika kumene waituma, angamukhulupirire ndani ndi mabelo?

Titamaliza tinasiya zikwama pamzere kunja kwa khonde la kalabu n'kukhala pansi. Anthu anali odzaza, nyama ikupsa pa makala, mphotho zikudikira patebulo. Ine ndinali nditangotsegula botolo langa pamene ndinaona mayi wina wachikulire, wovala chipewa choyera, akunyamula chikwama changa n'kumapita nacho ku galimoto.

Ndinadzuka ngati ndakhalira singano.

"Amayi! Amayi! Chikwama changa icho!"

Mayi uja anatembenuka modekha. "Chanu? Baba, ichi ndi changa."

"Ndi changa, ndagula sabata yomwe ino!"

"Mwasokoneza, baba. Ndodo izi sizingakhale zanu."

Khonde lonse linali litasiya kutafuna. Wina anandinong'oneza kuti amenewo ndi Mai Marufu, akazi a bwana, komanso kaputeni wa gulu la amayi pa kalabupo. Munthu wanzeru akanatsitsa mawu. Ine ndinakweza. Ndinasolola ayironi m'chikwama n'kuiimika m'mwamba kuti aliyense aone.

"Sizingakhale zanga bwanji? Onani apa! L! L for Large! Pakati pa inu ndi ine, Large ndani?"

Kunagwa bata loti ndinamva mafuta a nyama akudontha pa makala.

Mai Marufu anavala magalasi awo, natenga ndodo m'manja mwanga, nailoza ndi chala ngati mphunzitsi wa giredi wani.

"Baba, L imeneyi ndi Ladies. Shafuti yofewa, ya ife amayi amene timamenya pang'onopang'ono. R ndi Regular. S ndi Stiff, yolimba, ya anthu a mkono wamphamvu. Inu ndi thupi limeneli, sanakuuzeni kuti mukufunika S?"

Sindikudziwa amene anayamba. Ndikuganiza kuti ndi alamu, chifukwa ndinamva mpando ukugwa. Kenako khonde lonse linaphulika. Wowotcha nyama anasiya foloko n'kukagwira mtengo. A Marufu anali atagona chamutu patebulo, akumenya ndi chibakera, akungoti, "Muzidya sadza! Anandiuza kuti ndizidya sadza!"

Ine nditaima pamenepo, zonse zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Kufupika kwa ndodo. Maluwa a jakaranda. Ndiye diso lija la wa ku shopu! Munthu ameneyo mpaka lero akudziwa kuti Phiri wa ku Darwendale ali ndi chibwenzi chamseri, chosewera gofu, cha thupi ngati lake ndendende.

Chikwama cha Mai Marufu chinapezeka kumapeto kwa mzere. Chinali chofanana ndi changa ngati mapasa, kungoti chawo chinali ndi kathaulo ka maluwa.

Ndinayang'ana alamu. "Inu mumadziwa chiyambire m'mawa?"

"Alamu," anatero akupukuta misozi ndi kofia, "munati kusukulu munapitako. Ine ndine ndani, wa butchala?"

Ndinanyamula chikwama changa kuti ndizithawa, koma a Marufu anandigwira mkono, akupumabe movutikira.

"Achimwene, Lolemba mubwere ndi malole anu ku famu. Chiyambire chaka cha chilala sindinasekepo chonchi. Koma chonde, lole iziyenda mowongoka. Kumanzere kwa msewu wathu kuli damu."

Ndinathokoza ndi mawu a mwana wobatizidwa kumene. Ndinati basi, zatha, ndapulumuka ndi ntchito m'manja. Ndinatembenuka kuti ndizipita, ndipo Mai Marufu anaomba m'manja kuti anthu akhale chete.

"Pepani baba pokulandani chikwama," anatero mokweza, nkhope ili phee. "Sitinadziwe kuti tapeza membala watsopano. Ife amayi timakumana Lachitatu m'mawa, yunifolomu ndi siketi yoyera, ndipo sabata ino obweretsa makeke ndi inu."

Masiku ano ndikaona chilembo chaima chokha, ndimayamba ndafunsa kumene kwapita anzake.