Pulogalamu Yanga Yokana Kudula Kilo

Sekani, inu a pa benchi, sekani mpaka mano agwe, koma amene akuti ndikunama aimirire anditchulire munthu wina kuno ku Migowi amene anamangapo pulogalamu ya pa intaneti yopanda seva, chikompyuta chija chosungiramo mapulogalamu. Palibe. Ndine ndekha, ndi manja omwewa olimira nandolo. Mukuti ndikuonetseni makina ake? Makina ati, poti ndakuuzani kuti inalibe seva? Sindinagule bokosi lililonse. Ndinangolemba malangizo pa foni yong'aluka galasi n'kuwatumiza ku makompyuta a eni ake kutali uko, kumene amagona mpaka munthu atawaitana.

Ntchito yake inali imodzi: mlimi akajambula thumba lake la nandolo, pulogalamu imadzuka, kunena makilo enieni, n'kugonanso. Koma kudzuka kwakeko! Mayi wina wa ku Mkhumba inamuyankha asanamasule foni pa chitenje, ndipo tsiku la msika anthu a m'mbali monse mwa phiri anaiitana nthawi imodzi pamodzi ndi abale athu a ku Mozambique, iyo n'kudzigawa ngati nyerere, aliyense yakeyake, mpaka inayamba kuyeza nandolo asanachite maluwa, n'kuuza mkulu wina kuti pansi pa thumba lake pali mwala, ndi dzina la mtsinje kumene anautola. Mukumva?

Ndinaiikira mayeso odziyendera okha. Ndikasintha ngakhale kadontho, mayesowo amaifufuza paliponse, akakhutira amayatsa nyali zobiriwira n'kuitulutsa kwa anthu, akakayika amayatsa zofiira, osatuluka kanthu. Anali aukali moti tsiku lina anakaniza minibasi kunyamuka chifukwa cha tayala lakutha, ndikulumbira pali Mulungu.

Kenaka kunabwera a Namakhwa, amene malole awo amagula nandolo wa tonsefe. Anandikumbutsa kuti pa thumba lililonse ogula amadula kilo imodzi, ati ndi ya thumbalo ndi chinyezi, ndipo pulogalamu yanga ikuwayambanitsa ndi alimi.

"Achimwene, ingoiphunzitsani mwambo wathu," anatero. "Ikakana, mudzadya nokha nandoloyo."

Ndinawapatsa foni kuti alembemo okha kilo yawoyo. Atangolemba, mayeso anafiira, anafiira mpaka matimati osapsa a mumsika monse anapsa nthawi yomweyo, ndipo akatswiri amene a Namakhwa anawabweretsa kuchokera ku Blantyre kuti adzafufute mayesowo anayesedwa okha, n'kulephera, n'kubwerera wapansi nsapato zili m'manja. Mukumva inu? Pulogalamu yanga inakana kuba.

A Namakhwa sanakangane nane. Anangolengeza kuti wofika pa sikelo atagwira foni abwerere ndi katundu wake. Nandolo akakhalitsa m'nyumba amafumbwa, ana akufuna fizi, ndipo alimi omwe aja ndimawamenyera nkhondo anabisa mafoni mmodzimmodzi, ena mpaka kumandizemba panjira ngati ndine ndinawabera. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindinawakhululukire.

Pulogalamuyo sinawonongeke ayi, musamanamizane. Ili gone, mayeso ake onse ali obiriwira poti kilo ija ndinaifufutamo, ikungodikira munthu mmodzi wolimba mtima kuti aiitane. Ine dzana ndinapita ndi thumba langa kwa a Namakhwa, foni nditaisiya kunyumba. Anandidula makilo awiri, ndipo ndinawathokoza.