Mwala wa a Chijekete ndi Benchi la ku Ofesi ya Migodi

Inu, senderani kuno, basi imeneyi sibwera msanga. A Chijekete mumawadziwa? Aja okumba miyala kuseri kwa phiri, amene amalowa m'dzenje atavala jekete ngati akukakumana ndi nduna pansi pa nthaka. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo okumba nawo, chifukwa bambo ameneyu, ngakhale dzuwa liswe mtengo, jekete savula. Amati munthu wa migodi azioneka ngati munthu wa migodi. Ndikati migodi musaganize za zimagalimoto ndi zipewa zachikasu, ayi. Mgodi wawo ndi dzenje limodzi, piki, fosholo yogweduka mpini, ndi ndowa ya mayi akunyumba imene anabwereka kalekale osabweza. Mvula ikagwa dzenjelo limadzaza madzi, ntchito n'kuima, achule ndiwo amalowa shifiti.

Ndiye chaka chimenecho boma linasintha malamulo a migodi. Wailesi inalengeza mfundo ziwiri. Yoyamba, mwala wosakonza usatulukenso m'dziko, uziyamba wawonjezeredwa mtengo konkuno. Yachiwiri, mlendo aliyense wofuna kuika chuma chake m'migodi apeze mnzake wa konkuno woti akhale dayirekita.

A Chijekete atangomva mawu oti dayirekita anazimitsa wailesi, kuopa kuti aneba angamve nawo.

"Mayi, mwamva? Boma landikumbukira."

"Lakutchulani dzina?"

"Dzina la chiyani? Akamati munthu wa konkuno akunena ndani? Ine ndine wa kwina?"

"Ooh. Nanga za ndowa yanga boma lanenapo chiyani?"

Tsono m'tauni munali mlendo wina wochokera kutsidya kwa nyanja, bambo wachikulire, wachipewa chachikulu. Anabwera ndi pampu yopopera madzi m'maenje ndiponso makina odulira miyala. Ndikuti anabwera nazo, koma anafika yekha. Makina anatsalira kumalire, chifukwa a kumalire ankafuna aone kaye chiphaso cha mgodi. A ku ofesi ya migodi ankati chiphaso sapereka asanaone makina. A zachilengedwe ankafuna mapu a malowo, ndipo wosunga mapu anali kumsonkhano wokambirana njira zokopera alendo oika chuma m'dziko. Munthuyo anakhala pa mabenchi a maofesi mpaka anaphunzira chilankhulo chathu chonse, ndi miyambi yomwe. Amayi ogulitsa nthochi pageti anamupatsa dzina loti a Bweranimawa, poti ndiwo mawu amene ankalandira tsiku ndi tsiku.

Lamulo latsopanoli litatuluka, a Bweranimawa anatumiza uthenga kuphiri. Loweruka adzayendera maenje onse, aone miyala, asankhe dayirekita. Wosankhidwayo pampu idzayambira padzenje pake. Akapanda kupeza munthu, alongedza katundu apite dziko loyandikana ndi lathu, kumene akuti mabenchi ake ali ndi makushoni.

Apa ndiye a Chijekete anatekeseka. Pampu ankaifuna, zoona, koma chinkawavuta kwambiri ndi a Mandevu, mwini dzenje loyandikana ndi lawo. Anthu awiriwa anayamba kukumba chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo akhala akupikisana pa chilichonse, ngakhale kukhosomola. A Chijekete akaganiza zoti tsiku lina adzavulire a Mandevu chipewa n'kunena kuti "Mwadzuka bwanji a Dayirekita," ankangokankhira mbale ya nsima kutali.

Mwayi wake, anali ndi mwala umodzi umene ankasunga m'sokosi pansi pa bedi. Inu, mwala umenewo! Waukulu ngati chibakera, wobiriwira ngati madzi akuya, wa mbali zowongoka ngati pensulo, utamera pa thanthwe loyera mmene unatulukira pansi. Mayi akunyumba anati, "Ingowaonetsani umenewo mmene ulilimo."

"Mmene ulilimu? Wailesi simunamve? Wosakonza ayi. A Mandevu apita ndi miyala yawo yamatope, ine ndipita ndi wowonjezera mtengo. Pamenepo ndiye padzaonekere kusiyana kwa wokumba ndi dayirekita."

"Bwanji osafunsa kaye odziwa kudula miyala?"

"Odziwa amadya, mayi. Manja ndili nawo."

Mayiwo anangopukusa mutu. Anakhala nawo zaka zambiri, ankadziwa kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi umamusemera, imufotere yekha.

Ntchito inayambira pakhonde, ndi sopo ndi mswachi. Mwala unayera bwinobwino, ndipo munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma a Chijekete anati uku ndi kusambitsa chabe, si kuwonjezera mtengo. Anatenga polishi ya nsapato. Nsapato zawo ndi zakuda, inu. Thanthwe loyera lija linamwa polishi yense, mwala n'kuoneka ngati wautola pamoto. Anautsuka ndi palafini, unanunkha nyumba yonse, mpaka mayi anautulutsa panja pamodzi ndi mwini wake.

Kutacha ananyamuka ulendo kwa alamu awo, mchimwene wa mayi akunyumba, amene amawotcherera zitsulo kumsika. Mushopu mwawo muli galayinda, makina aja a gudumu lozungulira onolera zikwanje ndi kusalaza mafelemu a zitseko.

"Alamu, ndibwerekeni makinawo pang'ono."

"Alamu, ichi chimadya zitsulo. Mwala wanuwu chiumeza."

"Chitsulo ndi mwala ndi pachibale, zonse zimachokera pansi. Yatsani."

Poyamba zinayenda. Thanthwe lakuda ndi polishi lija linachoka, a Chijekete akuimba mluzu. Kenaka anakanikiza pang'ono kuti ntchito ifulumire. Thwa! Ngodya imodzi inathyoka, kuuluka, kudutsa pakhomo, kukagwera pamsewu. Pamsewupo panali nkhuku za mayi wogulitsa makala. Thadzi lina linangoti jomph, lameza.

Ndikanakonda mukanaona, inu. Bambo wamkulu, wa jekete, akuthamangitsa nkhuku pakati pa msika, kulumpha matumba a makala, kugwetsa beseni la tomato, akukuwa kuti "Gwirani! Yaba chuma cha dziko!" Nkhuku inalowa pansi pa lole, kutulukira mbali ina, kukasakanikirana ndi zinzake. Zonse zinali zofiira. Mayi wa makala anaima manja m'chiuno.

"Ndi iti yakuberani, bambo? Lozani. Mukaphonya mugula zonse."

A Chijekete anaziyang'ana nkhukuzo, nkhuku nazo zinawayang'ana. Anabwerera kushopu akupukuta thukuta.

"Palibe kanthu, alamu. Tingosalaza mbali inayi kuti zifanane."

Anayamba kusalaza. Atafika pakati, magetsi phethi! Mbali imodzi yosalala, ina yokhakhala. Anadikira mpaka dzuwa kupendeka, magetsi osabwera. Mawa lake chimodzimodzi. Alamu anati jenereta ilipo koma mafuta palibe, ndipo mzere wa pamalo omwetsera mafuta wafika kutchalitchi. Apa mpamene a Chijekete anatulukira nzeru imene mpaka lero amaitama. Anagadabuza njinga, mawilo m'mwamba, n'kumangirira mwala wonolera pawilo lakumbuyo ndi malamba a chubu. Alamu ankapalasa ndi manja, iwo atagwirizira mwala wawo.

Vuto lake, wilo la njingayo linali lopindika. Likazungulira limadya kuno, n'kusiya uko. A Chijekete akasalaza uko, kuno kumatsala kotukuka. Mukudziwa zimene zimachitika munthu akamadula miyendo ya tebulo kuti isagwedere? Ndi zomwezo.

"Alamu, mwalatu ukuchepa."

"Ukuchepa thupi, mtengo ukukwera. Palasani."

"Alamu, manja anga atupa."

"Ndikakhala dayirekita mudzakhala woyang'anira zamakina. Palasani."

Chibakera chija chinasanduka dzira. Dzira linasanduka chala chachikulu. Pofika Lachisanu madzulo, alamu atagona chagada pansi osatha kunyamula ngakhale kapu, a Chijekete anali ndi kamwala konga nyemba, kobulungira mbali imodzi. Koma kuwala kokha kankawala, zimenezo sitingawanamizire.

Loweruka a Bweranimawa anafika mochedwa, wapansi, matope mpaka m'mawondo, chifukwa galimoto inatsalira pamlatho umene unakokoloka chaka chatha. Anabwera ndi mayi wina wa ku ofesi ya migodi, nsapato zake atanyamula m'manja. Anayambira kwa a Mandevu, amene anangokhuthula thumba la miyala yamatope pansi. Mlendo anagwada, kutembenuza umodziumodzi, kugwedeza mutu mokhutira. A Chijekete ankaonera chapatali akuseka chamumtima.

Itafika nthawi yawo, anakonza kolala, anatulutsa mpango m'thumba, n'kuufunyulula pang'onopang'ono.

"Bwana, enawa akuonetsani zosaphika. Ine ndatsata lamulo. Uwu ndi wowonjezera mtengo."

Mlendo anavala magalasi, anaweramira pampango.

"Uli pati?"

"Apo, pakona."

Anakatola ndi zala ziwiri, kukayang'ana padzuwa. Nkhope inasintha.

"Mtundu uwu ndi wabwino kwambiri. Munaupeza uli chonchi?"

"Chonchi? Ha! Unali chonchi, bwana," anatero a Chijekete akukunga chibakera monyadira. "Wa mbali zowongoka, utakakamira pa chithanthwe choyera. Zonsezo ndachotsa ndekha."

A Bweranimawa anafufuza pokhala, napeza ndowa ya mayi ija, anaivundikira n'kukhalapo. Anavula chipewa ngati ali pamaliro.

"Bambo anga, mwala wotero, wathunthu, uli pa thanthwe lake, anthu amauika m'galasi n'kumalipira kuti angouona. Ndakalamba ndikufuna umodzi wokha. Inu munali nawo m'manja."

"M'sokosi," anatero mayi akunyumba, amene anali ataima kumbuyo.

Mayi wa ku ofesi naye anatsokomola.

"Pepani bambo, chiphaso chodulira miyala muli nacho?"

"Chiphaso? Si lamulo lomwe lati tizikonza?"

"Lati azikonza amene ali ndi chiphaso."

"Chimapezeka bwanji?"

"Mumayamba mwationetsa makina ovomerezeka."

"Makinawo ali kuti?"

"Ali kumalire," anayankha mlendo ali pandowa, osadzutsa mutu. "Akudikira chiphaso."

A Mandevu anaseka mpaka kugwira mtengo. Ine pamenepa sindiseka nawo, chifukwa a Chijekete anandimvetsa chisoni. Munthu anakumba zaka zonsezi, nthaka n'kumupatsa mphatso imodzi yokha, iye n'kuipera yekha ndi manja ake. Anaima chilili, manyazi atawagwira pamaso pa mkazi wawo ndi pa mdani wawo. Anapinda kampango kawo mwakachetechete kuti azipita.

"Taimani," anatero mlendo. "Munadula ndi chiyani?"

"Ndi njinga, bwana. Magetsi anazima."

"Njinga? Ndiye munkaona mwala ukutha, tsiku ndi tsiku, inu osaleka?"

"Ndinkati mwina mawa ukhala bwino."

A Bweranimawa anadzuka pandowa, maso akuwala kuposa kamwala kaja. Anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Dayirekita wanga ndinu."

A Mandevu kuseka kunathera pakhosi. "Bwana, nanga miyala yanga ija?"

"Miyala ndimaidziwa ndekha, achimwene. Chimene ndikusowa ndi munthu woti angathe kukhala malo amodzi, akuona chinthu chake chikutha, n'kumanenabe kuti mwina mawa. Wotereyu ndi amene angathane ndi maofesi athu aja. Koma a Dayirekita, pangano ndi limodzi: mwala wina uliwonse mukauona, manja m'thumba."

Inu, chisangalalo chake! Jekete linapita kochapitsa. A Mandevu anapereka moni wa ulemu uja, mano atalumana. Sabata yotsatira mlendo anawatenga a Chijekete kupita nawo ku ofesi ya migodi, anawaonetsa benchi la pakhonde, anawalozera mbali imene dzuwa silifika, anawadziwitsa kwa amayi a nthochi. Atatero anakwera ndege kukaona ana ake, amene akuti anali atayamba kumuitana kuti amalume.

Walira mvula walira matope. Udayirekita uja unapezeka kuti ndi benchi. M'mawa uliwonse a Chijekete amafika ofesi isanatsegulidwe, n'kukhala. Chitseko chikatseguka amasendera kumanja, chikatsekeka amasendera kumanzere. Pakati apa boma linasinthanso malamulo kuti zinthu ziphweke: maofesi onse aja anawaphatikiza kukhala zenera limodzi, kuti munthu asamavutike kuyendayenda. Ndi nzeru yabwino ndithu. Kungoti mwini zeneralo anapita kukaphunzira kagwiritsidwe ntchito ka zenera limodzi, ndipo makiyi anapita nawo. Pampu ikadali kumalire. Kudzenje achule aswana.

Buluku loyamba linatha kumbuyo, lachiwiri mayi analiika zigamba. Koma benchi, abale! Thabwa lija linali lokhakhala, lodetsedwa, lobaya. Ndi kusendera kwa a Chijekete linasalala, linayamba kunyezimira mpaka alembi ankadziyang'anirapo podutsa. Iwo ankalinyadira. Ankauza aliyense wobwera kudzadikira kuti chaka chino, m'nkhani zonse za migodi, chinthu chimene chawonjezeredwa mtengo konkuno ndi chimodzi chokha, ndipo achikonza ndi iwo.

Tsono dzana ndinakumana ndi mayi akunyumba kwawo akugula mafuta opaka miyendo. Ndinawafunsa kuti a Dayirekita ali bwanji.

"Miyendo yatupa," anatero.

"Yatupa bwanji, munthu wongokhala?"

"Ankakhala kale. Bwana wamkulu anadutsa pakhonde paja, analiona benchi, anati chinthu chokongola chonchi sichingakhale panja, alendo oika chuma angatione ngati osasamala. Analilowetsa mu ofesi mwake. Panopa abambo akudikira choimirira."