Njanji m'Bwato la Apongozi

Mpaka lero munthu akatchula bwato ndimayang'ana kumbali ngati sindinamve.

Ine ndinabadwira mu komboni ya mgodi kuno ku Bindura. Amene anachokera ku Malawi ndi agogo anga, ine nyanja ndimaionera pa kalendala. Koma apongozi anga aamuna, amene amakhala pafamu ina njira ya ku Shamva, sankadziwa zimenezo. Anali ndi bwato lakale la matabwa lophera nsomba pa damu la pafamupo, ndipo ndiwo za pakhomopo zinkachokera m'bwatomo. Nthiti zake ziwiri zinali zitawola, pansi pakulowa madzi.

"Mukwasha," anatero Loweruka lina (kuno mkamwini amamuitana choncho), "inu si a kunyanja? Mabwato ali m'magazi mwanu. Tikonzereni."

Wanzeru akanati, "Baba, ine ndimangodziwa kukumba." Koma zaka zisanu ndili pabanjapo, aka kanali koyamba kundipempha ntchito yoposa kunyamula thumba. Ndinadziguguda pachifuwa.

Kalipentala wa kutchalitchi kwathu anandilangiza kuti ndipeze thabwa lopepuka, misomali yosachita dzimbiri, ndi phula lomatira m'mipata, basi. Ndinamuseka. Ife a mumgodi chinthu chopepuka sitichikhulupirira, chimene chimakupulumutsa mwala ukafuna kukugwera ndi cholemera. Choncho ndinapita kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Kitsiyatota n'kutenga zidutswa ziwiri za njanji, zolowa m'malo mwa nthiti zija. Pansi ndinayala lamba wokhuthala wonyamulira miyala, n'kumanga ndi mabawuti onenepa ngati chala chachikulu. M'mipata ndinathira simenti (inde, simenti, musandiyang'ane choncho). Itatsalako ndinati isawonongeke, ndinaithiranso kumutu kwa bwato.

Bwato limene apongozi ankalikoka okha tinalinyamula amuna asanu ndi mmodzi, tikupumira m'njira. Mkazi wanga anandinong'oneza, "Baba a Chipo, koma chimenechi chiyandama?" Ndinamuuza kuti sitima zapamadzi n'zachitsulo, asamalowerere za amisiri.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, banja lonse linasonkhana m'mbali mwa damu, ndi anthu ena amene palibe anawaitana. Apongozi analowa atavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa, ine pambuyo ndi nkhafi imene ndinaigwira ngati fosholo. Anatikankha.

Apa mundimvetse: ntchito yanga sinadonthe ngakhale pang'ono. Madzi sanalowere pansi ayi, analowera pamwamba. Titangoyenda kamtunda kochepa, bwato linayamba kutsika pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati chikepe cha mumgodi chikupita nafe ku ntchito. Ndi pomwe ndinakumbukira kuti sindidziwa kusambira.

"Maiwe! Ndafa ine! Mundisungire ana!" ndinakuwa ndikuphiriphitha, madzi akulowa m'mphuno.

"Mukwasha," anatero apongozi modekha, "imirirani."

Ndinaimirira. Madzi anali m'chiuno. Kumtunda apongozi aakazi anali atakhala pansi chifukwa cha kuseka, mkazi wanga atadziphimba kumaso ndi nsalu.

Manyazi anandigwira, koma chinandipweteka kwambiri n'chakuti bamboyo sanakalipe. Anavuula chipewa chawo m'madzi, anayang'ana pamene panamira bwato limene linalera ana awo onse, nangoti, "Zvakanaka, zili bwino. Lalimba." M'mawa mwake tinayesa kulikoka ndi ng'ombe ziwiri. Chinaduka ndi chingwe.

Bwatolo lilipobe m'damumo. Chilimwe madzi akatsika mutu wake umaonekera, thabwa lililonse lili m'malo mwake (mtima umafuna ndiwaonetse anthu, koma mkazi wanga amandiponda phazi). Apongozi, pa msinkhu wawo, tsopano amawedza ataima m'matope, ndipo Loweruka lililonse ine ndimapalasa njinga kukawakumbira nyongolotsi. Ntchito imeneyo amati ndimaitha.

Za bwato sanazitchulenso. Koma mwezi wathawu ndikulowa pakhomo pawo, ndinaona apongozi aakazi akuthamanga kukabisa ndowa yobooka kuseri kwa chitseko. Ndinakhala ngati sindinaone, ngakhale kunyumba ndinali ndi simenti yotsala yokwanira bwinobwino.