Beseni la a Kaitano

Kwa Tengani kunalibe munthu woopedwa ngati malemu a Kaitano, chonsecho sadamenyepo ndi nkhuku yomwe. Chida chawo chinali beseni. Adapemphera zaka makumi atatu mu mpingo wa Menonaiti, kumene amasambitsana mapazi pa tsiku la mgonero, koma iwo adaona kuti kudikira mgonero n'kuchedwa. Ukangowalakwira, m'mawa mwake unkawapeza pakhomo pako, beseni m'manja, chitenje cha akazi awo paphewa.

"Tambasulani mwendo, achimwene."

"Pepani baba, mbuzi zija ndizizimangirira!"

"Mudzamangirira. Mwendo."

Anthu ankati bola kukokeredwa kubwalo la milandu. Mlamu wawo wina adabisala m'mapira mpaka dzuwa kupendeka. Akazi a Kaitano, a Esinala, ankadandaula kuti sopo wa m'nyumba mwawo amathera m'ming'alu ya adani.

Tsiku lina kuseka kudatha. Mbava idaba ng'ombe ziwiri zomwe mwana wawo Humphrey ankati alowolere mkazi. Idagwidwa itagulitsa kale. Anthu adaimanga pamsika, wina atanyamula petulo. A Esinala adangoona amuna awo akung'amba chigulucho, beseni m'manja, madzi akukhavukira. A Kaitano adagwada n'kuyamba kutsuka mapazi a mbavayo, chala chimodzichimodzi, osafulumira. Ndani akadayatsa machesi mkulu atagwada pamenepo? Apolisi adapeza mbava ili moyo, mapazi ali mbee.

Ng'ombe sizidabwerere, ukwati udafera m'mazira.

"Baba, wakuba mwamutsuka, ine mwandipaka matope," adatero Humphrey, n'kupita kukadula nzimbe ku Nchalo.

Zaka zisanu ndi ziwiri osaponda pakhomo. A Esinala mtima unkawawawa, osadziwa woti amukwiyire. Kawiri konse a Kaitano adamanga beseni panjinga mpaka ku Nchalo, kawiri konse mwana adawatsekera chitseko. Kenaka miyendo idawakana. Lamulungu lililonse ankathira madzi m'beseni, maso kumsewu, dzuwa likapendeka n'kupatsa abakha.

A Kaitano atamwalira, Humphrey adafika maliro ataikidwa dzulo lake. Adayenda wapansi kuchokera ku Bangula, madzi atadula msewu, matope mpaka m'mawondo. A Esinala adayang'ana matope aja. Adalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi beseni lija.

"Mayi, musatero."

"Mwendo," adatero mayiwo.

Humphrey adatambasula. Adalira mpaka abakha adathawa.

Masiku ano kwa Tengani anthu amakangana mosaopa, mbuzi zikudya m'minda mwa eni popanda wochita manyazi. Mwezi watha adagwiranso mbava pamsika. A Esinala adaona anthu ena akucheukacheuka kunjira ya kwa a Kaitano, ngati akupempha wina awaletse. Humphrey, amene tsopano amakhala ndi mayi ake, adathamangira kunyumba, adatunga madzi, n'kubwerera ali wefuwefu, beseni pamutu. Adafika utsi uli kale m'mwamba.