A Namalima ndi Mapulagi Anayi

Aliyense wa pa Chonde amadziwa kuti kwa malemu a Hopewell Namalima vuto lililonse pa dziko lino linali pulagi. Galimoto ikakana kulira, pulagi. Kwaya ikasokoneza nyimbo kutchalitchi, ankanong'oneza woyandikana nawo kuti kumbali ya azibambo kuli pulagi imodzi yosathetheka. Banja likamakangana, ankapukusa mutu n'kunena kuti mpata wa pulagi wakula, moto sukudumphanso. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyu, wodziwa mapulagi a mudzi wonse, anatha zaka ndi zaka akulephera kusankha mapulagi anayi okha a galimoto yake.

Ine ndine Lyson, ndimagulitsa zipangizo za galimoto ndi njinga zamoto m'kashopu ka pafupi ndi msika. Kashopuka kali ndi khomo limodzi, zenera lake ndi la zitsulo. A Namalima anali munthu wa mapewa otambalala, moti akaima pakhomopo ngakhale mphepo inkasowa polowera. Ankabwera tsiku la msika atavala jekete labuluu la ku esiteti, n'kutulutsa m'thumba pulagi yakale yokulunga m'kansanza. Ndikangoona kansanzako ndinkadziwa kuti nkhomaliro ya tsiku limenelo yapita.

"A Lyson, tayang'anani mutu wakewu. Mukuona mtundu wanji?"

"Wakuda, bambo."

"Kuda kwake kuti? Kulipo kuda kwa mwaye, kulipo kuda kwa oilo."

"Kwa mwaye."

"Mwafulumira. Tanunkhizani kaye."

Ndinkanunkhiza, makasitomala ena akusuzumira pamwamba pa phewa lawo n'kubwerera. Phunziro linkayamba pamenepo. Ankati pulagi yathanzi mutu wake umaoneka ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Ikayera ngati phulusa ndiye kuti ikupsa, ikada ndiye kuti ikuzizidwa. Tsiku lina ndinali nditamwa thobwa wambiri m'mawa. Ndinapirira mpaka thukuta kamukamu, kenako ndinapempha njira. Anandipatsa mwaulemu, n'kunditsatira mpaka kuseri, napitiriza phunziro ali kunja kwa chitseko cha chimbudzi. Nditachedwa kuyankha anagogoda.

Galimoto yawo inali pikiapu yoyera yachikale. Anaigula kwa bwana wina wa ku esiteti ya tiyi kumene iwo anayendetsa thalakitala mpaka kupuma ntchito. Thalakitala ndi ya dizilo, ilibe mapulagi. Mwina n'chifukwa chake atawapeza kuukalamba anawakonda ngati mwana wobadwa mochedwa. Galimotoyo anayenda nayo ulendo umodzi wokha, kuchokera ku esiteti kufika kumudzi kwa akazi awo, mayi Esteri, kuseri kwa Chonde. Anaiimika kumbuyo kwa nyumba, pafupi ndi kamtengo ka peyala. M'mawa mwake inatsokomola pang'ono n'kukhala chete. Atamasula mapulagi anapeza kuti onse anayi ndi osiyana, manambala ake atafufutika, ndipo buku la galimoto linali litapita ndi bwana uja.

Tinkaseka, koma nkhaniyi inali ndi pake popweteka. Kumudziko a Namalima anali mkamwini. Kwawo kunali kutsidya kwa malire, kupitirira Milange, kumene anachoka wapansi ali mnyamata wopanda nsapato. Potsanzika anauza mlongo wawo Emma kuti adzabwera pa galimoto yawoyawo, apo ayi sadzabwera n'komwe. Anali mawu a mnyamata, koma nkhalamba inawasunga, ndipo mawuwo anaisunganso nkhalambayo.

Poyamba penipeni ndinawaonetsa mapulagi wamba amene ndinkaona kuti angagwirizane ndi injini yotere. Anati mazinga ake akuoneka aatali, akhoza kukagunda pisitoni n'kuphwanya zonse. Ndinatulutsa a mazinga aafupi. Anati amenewo akabisala m'dzenje ngati mbewa, moto osafika pa petulo. Nditabweretsa amakono aja a kansonga koonda ngati singano, amene amati amakhalitsa, anawatembenuza uku ndi uku.

"Injini yanga ndi gogo, a Lyson. Mukufuna ndiikwatitse kwa kamnyamata ka ndolo?"

Mapulagi a ku Limbe ankati ndi abodza chifukwa bokosi lake likuwala kwambiri. Amene amalonda ankabwera nawo kuchokera ku Muloza ankati ndi abodza chifukwa bokosi lake silikuwala mokwanira. Akapeza pulagi imene aikonda, ankati akaigonere kaye. Tsiku la msika lotsatira ankabwera atalota kuti yasweka.

Danieli, makaniko wa pa siteji, anatopa nazo. Anatenga mapulagi ake ndi sipanala, nauza anthu kuti akukailiza galimotoyo tiyi asanazizire. A Namalima anamulandira bwino, anamupatsa mpando ndi chinangwa chophika, kenako anakhala pa boneti n'kuyamba kumufotokozera mbiri ya galimotoyo. Danieli anabwerera dzuwa litapendeka, atanyamula papaya, injini asanaione.

Madalaivala a minibasi akawaona pamsewu ankanamizira kuti adzadza. Wina wachilendo anawatenga popita ku Boma. Asanafike patali a Namalima anatsamira kutsogolo n'kumuuza kuti injini ikudumphadumpha, aime aone mapulagi.

"Iyi ndi ya dizilo, bambo, ilibe mapulagi."

"Ndiye vuto lake limenelo."

Anafotokoza vutolo njira yonse, anthu atapanikizana ndi madengu a nthochi, mazenera osatseguka. Mayi wina anatsikira pakati pa minda ya tiyi n'kunena kuti kotsalako ayenda wapansi.

Kumudzi zinthu sizinaime. Malo anali a mbumba ya mayi Esteri, ndipo ana awo aakazi atakwatiwa anayenera kumanga pomwepo. Sheila ndi mwamuna wake Bonface anamanga kutsogolo kwa galimoto. Rosie ndi mwamuna wake Honest anamanga cha kumbali, kumene kunali njira yopita kumsewu. Akamwini onse awiri anabwera mwaulemu kudzafunsa apongozi awo ngati pamenepo pali bwino. A Namalima ankayankha mutu uli mu injini kuti mangani, mangani, malo ndi a amayi anu. Anathandiza ngakhale kuumba zidina. Kamtengo ka peyala kaja kanakula mpaka munthu osatha kukakumbatira. Galimoto ankaisamala ngati wodwala. Ankaipukuta, ankapopa matayala, ankatembenuza injini ndi sipanala kuti isagwirane. Pa iyo panalibe dzimbiri, panalibenso mapulagi.

Chaka china, m'nyengo yotentha, mayi wina wogulitsa nyemba wa ku Muloza anabwera ndi uthenga. Anati a Emma maso awo achita ng'ala, akuona zinthu ngati m'chifunga, ndiye akuti ngati achimwene awo akufuna kudzawaonetsa galimotoyo afulumire. Tsiku lotsatira a Namalima anafika kushopu, lisali tsiku la msika. Kansanza sanakatulutse.

"Ndipatseni aja munandionetsa poyamba aja."

"A mazinga aatali?"

"Siaatali. Ndinayeza kalekale. Ndimangoopa."

Ndinatseka shopu n'kuwatsatira, ndipo anthu ataona kuti ndatseka masana anatitsatira nawonso. Bonface anabwereketsa batire ya sola. Honest anathamanga ndi chigubu kukagula petulo. A Namalima anayeza mpata wa pulagi iliyonse ndi kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo, anawapota ndi zala kaye, kenako anamanga ndi sipanala pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa mwana. Atapotoza kiyi injini inabuula, inatsokomola, inalavula utsi wakuda pamodzi ndi chisa cha makoswe, kenako inalira. Inalira bwino, mosadumphadumpha. Amayi anaimba nthungululu, nkhuku zinakwera padenga. Mayi Esteri analowa m'nyumba n'kutuluka atavala chitenje chatsopano, tambala wa mphatso ali m'khwapa, nakhala kumpando wa kutsogolo ali mwaa kumwetulira.

A Namalima analowetsa giya n'kudzutsa mutu. Kutsogolo kunali khoma la Sheila. Anayang'ana pagalasi, kumbuyo kunali peyala. Mbali ino kunali nyumba yawo, mbali inayo nyumba ya Rosie. Njira yokhayo inali kampata kamene tonse tinalowera chammbali, kamene njinga yonyamula thumba inkayamba yatsitsa thumbalo. Zaka zonsezi ankadutsa pakampata kameneka m'mawa ndi madzulo, maganizo ali pa mapulagi. Ife tonse makomawo tinkawaona, koma panalibe amene ankakhulupirira kuti galimotoyo idzalira.

Wina anayamba kuseka n'kusiyira panjira. Honest, munthu wofatsa, anakatenga khasu n'kunena kuti agwetsa chipinda chimodzi, adzamanganso mvula ikatha. Chipindacho ndi chimene ankagonamo ana. Rosie anali ataima pakhomo ndi khanda kumsana. A Namalima anayang'ana khomalo nthawi yaitali, kenako anazimitsa injini.

"Ikani khasu pansi, a Honest. Iyi si pulagi."

Mayi Esteri anatsika mwakachetechete n'kumasula tambala.

Tinawachonderera kuti angokwera minibasi mpaka ku Muloza, kutsidyako akapeza kabaza. Ankafunsa kuti akafika akanena kuti chiyani. Kushopu anasiya kubwera. Ankangokhala m'galimoto masana onse manja ali pa chiwongolero, akuyang'ana khoma, pomwe adzukulu ankawapatsira zakudya pazenera.

Amene anathyola nkhaniyi ndi a Emma. Atamva zonse kwa mayi wa nyemba uja, anakwera njinga yamoto, kenako minibasi, kenako njinga ina, kamayi kakang'ono kouma ngati chikuni, atamangirira ndodo yawo kumsana. Ndine ndinawaperekeza kuchokera pa siteji. Mayi Esteri anawagwira dzanja kuwadutsitsa pakampata kaja. A Namalima anatsika m'galimoto. Mlongo wawo anawapapasa kumaso, anawapeza makutu, nakoka limodzi. Anawakalipira m'Chilomwe chothamanga chimene ine ndinangotolapo mawu apa ndi apo, ndipo mwamuna amene ankatsekereza msika wonse wa Chonde anangoima ngati mwana woswa mbale.

Atatopa anapempha kuti awaonetse chinthucho. Anachisisita ndi manja kuyambira ku boneti mpaka kumbuyo, anagogoda chitseko, nalowa.

"Ilizeni ndimve."

Anailiza. A Emma anakhala tsonga, ndodo ili pamiyendo, akumvetsera.

"Kodi tikuyenda?"

"Ayi, achemwali. Ilibe potulukira."

A Emma anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika m'maso oyera aja. Atasiya anapukuta nkhope ndi chitenje.

"Amayi anamwalira akufunsa za inu, achimwene. Za galimoto sanafunsepo."

A Namalima anaweramira pa chiwongolero. Dzanja lawo linapita pa kiyi, koma a Emma analigwira n'kunena kuti asazimitse, mpandowo ukunjenjemera bwino, ukuwathandiza msana. Ife tinachoka mmodzimmodzi. Mayi Esteri anandiuza pambuyo pake kuti awiriwo anakhala momwemo mpaka petulo anatha, mlongo akutchula amene anamwalira kwawo, amene anabadwa, chitsime chimene chinauma, mlamu amene anagulitsa munda, ndipo a Namalima sanadule mawu ngakhale kamodzi.

A Emma anakhala nawo mpaka mvula yoyamba. Pobwerera anagwirizana kuti chimanga chikacha a Namalima apite okha pa minibasi ngati munthu wina aliyense. Anagula ngakhale nsapato za ulendowo. Koma chimanga chisanamasule ngayaye anadwala chifuwa, anawatengera kuchipatala ku Boma, ndipo anamwalira patapita masiku ochepa. Anaikidwa konkuno, kumanda a kwa akazi awo.

Mvula ya chaka chimenecho inali yoopsa. Mitsinje yochokera kuphiri inasefukira, nyumba za zidina zinagwa m'midzi yambiri. Tsiku lina masana, ana ali kwa agogo awo, mbali yonse ya nyumba ya Rosie inakhala pansi. Palibe anavulala. Atachotsa matope panatsala njira yotakata, yolunjika kumsewu, yoti ngakhale lole ikhoza kudutsa. Honest anafuna kumanganso pomwepo, koma mayi Esteri anamuuza kuti amange cha kumunda, pamenepo pakhale potsegula.

Pali potsegula mpaka lero. Amayi amadutsapo popita kumjigo. Anthu a pamsika amene ankayesa kuti galimoto ya a Namalima ndi nthano amaima pamsewu n'kunena kuti kani inalipodi. Ogula zitsulo zakale anabwera, mayi Esteri anawabweza.

Kushopu masiku ano makasitomala amangondionetsa chithunzi pa foni, n'kutenga chinthu chawo, n'kumapita. Palibe amafunsa za mazinga, palibe amanunkhiza kanthu. Tsiku la msika limakhala lalitali, ndipo Danieli amabwera kudzangokhala pa benchi popanda chogula. Madzulo ndikamabwerera kunyumba panjinga, ndikafika pa njira yatsopano ija ndimapezeka ndagwira buleki n'kuyang'ana kaye ngati kukutuluka galimoto.